Bondo Lokana Kugwada

Amayi anaterereka chaka chimene ndinalowa ku yunivesite. Nthawi imeneyo ku Mchengautuwa aliyense ankamanga nyumba, ndipo maenje okumbamo dothi la njerwa anali mbwee. Mvula ya ku Mzuzu nayo sifunsa mwezi. Iwo ali ndi beseni la nthochi pamutu, phazi linapita kwake, thupi kwake, bondo n'kupotokola. Nthochi sizinagwe, ndipo mpaka lero amanyadira zimenezo.

Kuchipatala anati chicherewechere cha pakati pa mafupa a bondo chang'ambika. Kuyenda ankayenda, motsimphina. Chimene chinawakanika ndi kugwada.

Amayi kwawo ndi ku Dedza, koma anakwatiwa kwa Atumbuka. Chilowereni m'banjamo ankaopa chinthu chimodzi, choti akuchimuna adzanene kuti mkazi wobwerayu alibe mwambo. Choncho ankagwada kuposa eni mwambowo. Ndiye kunabwera uthenga woti asekuru, bambo awo a adadi, akubwera kudzaonetsa maso kuchipatala ndipo afikira kwathu. Amayi anasowa mtendere.

Ine ndi kasukulu kanga ndinadziona ngati dokotala. M'chipinda cha makompyuta ndinawerenga kuti madokotala ena amatenga maselo m'mafuta a m'mafupa a wodwala mwiniwake, maselo aja otha kusanduka minofu ina, n'kuwabaya m'bondo kuti chicherewechere chiphukenso. Sindinawerenge mpaka kumapeto. Ndinathamangira kunyumba mapepala ali m'manja.

"Amayi, mankhwala apezeka! Jakisoni mmodzi basi."

Pofika Lamlungu, amayi onse a kwaya anali atamva kuti mwana wa ku yunivesite wapeza mankhwala.

Nditapita nawo amayi kuchipatala, dokotala anawerenga mapepala anga modekha, osandiseka. "Izi akuchita kunja," anatero, "ndipo kumenekonso akufufuzabe. Ena akuti zawathandiza, ena ayi. Kuno tili ndi mafizo. Azibwera, azilimbitsa mwendowu, koma kugwada aleke."

Ndinachita manyazi osaneneka. Tinakwera minibasi kubwerera kunyumba. Amayi anangondigwira dzanja nati, "Unayesa, mwanawe." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira.

Asekuru anafika Lachitatu masana, tinawakhazika pampando wa adadi. Ndinawachonderera amayi kukhitchini kuti apereke moni chiimirire. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule chitenje pamsika.

Analowa, nagwira chitseko, natsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse pansi. Ndinamva mano awo akukukutika.

"Monire, adada."

"Yewo, mwana wane. Muli uli?"

Moni unatha, koma amayi sanadzuke. Anayesa kamodzi, kawiri, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Chibadwire changa ndinali ndisanaonepo adadi atagwira amayi ngakhale chala pamaso pa asekuru. Tsiku limenelo anaimirira, nalowetsa manja m'khwapa mwa mkazi wawo, nawanyamula. Amayi anabisa nkhope pachifuwa pawo.

Asekuru anayang'ana kumbali kwa kanthawi. Kenaka anadzuka ndi ndodo yawo, nakankha mpando uja.

"Mwandigwadira zaka zonsezi, mwana wane. Zakwana chomene. Khalani apa."

Amayi anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpandowo, mwendo atautambasula, akulira. Asekuru anaimabe chiimire mpaka nditawabweretsera wina.