Mpando wa kukhola

Achikulire a matola a ku Luwani sasunga chakutha, ngakhale pikapu yawo ndi ya nthawi ya kampu ya othawa nkhondo. Mawu awo ndi amodzi: "Chatha, chotsani."

Atamva kuti kukubwera wogula magalimoto akalekale wochokera ku Blantyre kudzaona pikapuyo, anazula mpando wong'ambika umene galimotoyo inabwera nawo kuchokera kufakitale, n'kuikamo watsopano. Wogulayo atasuzumira anagwira pakamwa.

"Bambo, mpando wake weniweni uli kuti? Wotere supezekanso. Popanda umenewo sindigula."

Achikulirewo anapita naye kukhola, kumene thadzi linali likukhalira mazira pampandopo. Mlendoyo anagwada n'kuyamba kusisita nsanzazo.

Mpaka lero achikulirewo sakumvetsa. "Ndiye kuti ndinaiwononga poikonza, eti? Basi, adikire nkhuku iswe kaye."