Mwana wanga pamsana pa alamu

Bere langa lakumanzere analichotsa ku Lusaka chifukwa cha khansa, mwana wanga wamkazi asanakwanitse zaka ziwiri. Dokotala anati angathe kundiumbira lina ndi mnofu wanga womwe, wodula pamimba. Ndinavomera msangamsanga. Ndine mphunzitsi ine, ndimaima pamaso pa ana tsiku lonse, ndipo sindinkafuna zomakoleka nsanza mu bulauzi ngati ndaba tomato pamsika.

Za ululu anandiuza, ndisawanamizire. Anandibaya jakisoni wa dzanzi m'mbali mwa mimba kuti podzuka ndisamve moto wonse, kenako mapilitsi, ndi kugona chopinda miyendo, mtsamiro kunsi kwa mawondo. Zinathandizadi ndili m'chipatala. Koma pobwerera ku Chipata, basi ikangogunda dzenje ndinkamva ngati akundichekanso. Lamulo lawo linali limodzi: osanyamula cholemera chilichonse mpaka bala litapola. Ndinafunsa za mwana, anati ngakhale mwanayo.

Nditafika pakhomo mwanayo anandithamangira, nkundikoka chitenje, akuzungulira kumbuyo kwanga kuti ndimubereke monga kale. Ndinangomusisita mutu. Analira mpaka mawu kusasa. Amuna anga amagwira ntchito ku boda ya Mwami, amachoka m'mawa nkubwera kutada, choncho anaitanitsa mlongo wawo wamng'ono ku Kasenengwa kuti adzatithandize. Alamu angawo ndi mtsikana wabwino, wosadandaula. Anangofika nkumuponya mwanayo kumsana, kulira zii.

Apongozi anga atabwera kudzandiona ndinalephera ngakhale kugwada powapatsa moni. Anandiyang'ana ndikuyenda chowerama, nati, “Bere linadwala, tinamva. Nanga mimbayi inalakwa chiyani, amake mwana?” Magazi anandiwira.

Bala linapola, ululu sunachoke. Kukhosomola, kuseka, kudzuka pampando, zonse ndinkayamba ndaziganizira. Kuchipatala cha kuno anati ndi mitsempha, mwina idzaleka, mwina ayi. Anandipatsa mapilitsi ena amene ankachepetsadi ululuwo, koma ankandigonetsa ngati chidakwa, moti ndikamadzuka mwana amakhala atadya, atasamba, atagona pa alamu akewo... pa azakhali ake, ndinene bwino. Ndikasiya kumwa kuti ndikhale maso, ndinkakhala wolusa, wongokalipa aliyense wondikhudza. Ndisankhe chiti pamenepo?

Bere latsopanolo ndi lokongola, anthu sadziwa nkomwe. Koma silimva kanthu. Tsiku lina mwana anatsamiritsa mutu pamenepo ine ndikuwodzera, ndipo sindinadziwe mpaka alamu atandiuza.

Nthawi yoletsedwa ija itatha ndinati lero ndimubereka, zivute zitani. Ndinawerama, alamu anamuika kumsana kwanga, ndinakoka chitenje. Mfundo yake imagwera pachifuwa penipeni pa chipsera, ndipo kuti udzuke ndi mwana mphamvu imachokera m'mimba. Ndinadzuka theka, maso anachita mdima, ndinagwira khoma. “Alamu, mutengeni,” ndinatero. Mwanayo sanalimbane nawo. Ndinalowa m'nyumba nkulira ngati pamaliro.

Mvula itayandikira, alamu anafunika kumudzi kukadzala. Amuna anga ndi apongozi anakambirana, nkudzandiuza zakupsa kale: mwana apite nawo ku Kasenengwa mpaka nditapeza bwino. Ndinakana, ndinalalata, ndinawauza kuti sindinafe ine. Amuna anga anangofunsa modekha, “Akadwala malungo muli nokha, amake mwana, mukafika naye bwanji kuchipatala?”

Ndinamulongedzera ndekha tizovala take. Ndinawaperekeza pang'onopang'ono mpaka pokwerera minibasi, ndikudzikonzekeretsa kuti akayamba kundilirira ndilimbe mtima. Alamu anamutembenuza kuti andione, nati, “Tsanzika amama.” Mwanayo anandikwezera kadzanja, nkubisanso nkhope pakhosi pa azakhali ake. Sanalire.