Mudzamtenge Ndikafa

Zaka za anganga, amayi awo a mayi anga, palibe amene ankazidziwa. Pa bilyete yawo, chitupa cha boma chija, panali chaka chimene mlembi wa ku Chifunde anangoganizira atawayang'ana kumaso, ndipo iwo ankati mwanayo anawachepetsa. Ine ndinawadziwa ali okalamba kale. Pothawa nkhondo kupita ku Malawi anali okalamba, pobwerako anali okalamba, koma ulendo wonsewo anayenda pansi, mbewu ya chimanga ili pamutu. Mayi anga anatsala komweko, kumanda a pakampu ya othawa nkhondo, choncho anganga ndiwo anandilera.

Titafika kwathu, kufupi ndi Mualadzi, tinapeza tchire lokhalokha. Anganga anazungulirazungulira mpaka anapeza mitengo ya mango imene anabzala ali mtsikana, nati, "Ndi pano." Kuyambira tsiku limenelo zonse zinkadutsa pakamwa pawo: womanga amange pati, wolima alime kulekeza pati. Sankakweza mawu. Ankangotulutsa kabotolo ka fodya wa mphuno, n'kununkhiza, n'kuyetsemula, kenako n'kugamula. Ine ankandisungira chiwindi cha nkhuku m'tsamba, ana ena asaone. Ndinkawakonda kwambiri, ndipo ndinene zimenezi poyamba, chifukwa zotsatirazi zingamveke ngati ndinkawada.

Bambo a ana anga ndinadziwana nawo kukampu. Kwawo ndi ku Nsadzo, ndipo amalume awo onse anathera kunkhondo. Anabwera chikamwini monga mwa mwambo, namanga nyumba kuseri kwa ya anganga. Anganga ankawatchula kuti "amuna anga", ine n'kukhala "mkazi mnzanga", ndipo ankandiseka kuti ndimawaphikira ndiwo zosakoma amuna athuwo. Titakolola katatu, bambowo anafuna chitengwa, ndiye kuti kundipempha kwa anganga kuti tikakhale kwawo. Mayi awo anali okha, ndipo kunali dimba labwino longogonera. Poti analibe wamkulu wowatsogolera, anapita ndi mnzawo wa kutchalitchi.

Anganga anamvetsera mpaka kumapeto, ananunkhiza fodya wawo, nati, "Mudzamtenge ndikafa."

Bambowo anaomba m'manja. "Ndamva, anganga."

Mawa lake tikupita kumunda tinayamba kuwerengera. Nkhalamba yotsokomola chonchija, tinatero, ikapirira kwambiri ndi madzinja awiri. Mulungu andikhululukire, tinaseka.

Anganga sanafe. Dzinja lililonse ankadwala, n'kuitanitsa mbumba yonse, n'kugawa makapulana awo mmodzimmodzi uku tikulira. Pakapita masiku atatu tinkawapeza akusesa pabwalo, akufunsa amene watenga nsalu zawo. Anaika m'manda ang'ono awo, anaika ana awo aamuna awiri, iwo ali gwa. Abale anga aakazi ankatengedwa mmodzi pambuyo pa mnzake, wina ku Chifunde, wina ku Tete, wina ku Zambia. Pokambirana zimenezo ine sindinkakhalapo, ndinkakhala kuseri ndikusosola nkhuku za alendo. Ndinkangoti ine ndi amene anandilera, n'chifukwa chake andigwira.

Dziko langa linatsala laling'ono: kuchitsime, kumunda, kukhomo kwa anganga. Mota, njinga yamoto ija, ikamadutsa pamsewu ndinkaimika khasu mpaka fumbi litatha. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo pawo kumvetsera ngati akupuma, ndipo ndikamva kutsokomola sindinkadziwa ngati ndithokoze kapena ndilire. Chinthu chimenechi chinkandichititsa manyazi moti sindinauzepo munthu. Ndinkalowa ndi phala, iwo n'kundigwira dzanja, mtima wanga n'kusungunuka, kenako potuluka mkwiyo uja n'kubweranso.

Bambo a ana anga anapirira zaka zisanu ndi zinayi. Mkamwini pamudzi pa eni ake alibe mawu, ngakhale nkhokwe yodzaza ndi thukuta lake satsegula yekha. Mayi awo atadwala anakwera njinga kupita ku Nsadzo. Poyamba ankabwera mwezi ndi mwezi, kenako nthawi yokolola yokha, kenako ankangotumiza mchere ndi sabau wochapira. Nditamva kuti akwatira kumeneko ndinawatukwana tsiku lonse ndikupalira, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti munthu sangadikire maliro mpaka kalekale.

Chaka chawo chomaliza anganga anali atachepa ngati mwana. Ndinkawanyamula kupita nawo kubafa ya udzu, n'kuwakhazika pamwala. Tsiku lina masana ndikuwasambitsa anandifunsa mwadzidzidzi, "Kodi amuna anga aja ali kuti?"

"Ali kwawo ku Nsadzo, anganga. Anakwatira kalekale."

"Aulesi pakamwa amene aja. Ndinawadikira mpaka ndinatopa."

Ndinasiya kukhula. "Munawadikira kuti atani?"

"Kuti abwerenso, nanga. Iwe, chitengwa amapempha kamodzi? Koyamba timakana, angayese tikutaya mwana ngati gaga. Amapita, n'kudzabweranso ndi akuluakulu akwawo, nkhuku ili m'manja. Kachiwiri timalola. Amuna a abale ako onsewa ndinawayankha mawu omwewo."

"Nanga bwanji simunanene, anganga?"

Anandiyang'ana modabwa zenizeni. "Ine ndikagwade kwa mkamwini kuti anditengere mwana? Ndimayesa ndiwe sufuna kundisiya, mkazi mnzanga. Ndimanyadira."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuwagwedeza, koma anali kunjenjemera ndi mphepo, tinthiti tonse tili poyera. Ndinadzuka n'kuwatsira madzi otsalawo asanazizire.

Madzulo ake ndinafunsa azakhali anga ndi amayi ena apamudzi. Onse ankadziwa. "Timayesa ukudziwa," anatero. Ife okulira pakampu mwambo tinkaumva theka, ndipo bambowo analibe malume wowanong'oneza. Mmodzi mwa amayiwo anangoyang'ana pansi, ndipo ndinamumvetsa. Ndikanachoka ine, madzi a nkhalamba akanatunga ndani zaka zonsezi?

Anganga anamwalira nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Ndinalira kuposa onse, ndipo sinali misozi yoonetsera. Anthu anabwera ambiri, zidzukulu ndi zidzukulutudzi zina zimene sindinazionepo, aliyense akusimba mmene gogoyo anamangira mudzi pa tchire. Zonsezo zinali zoona.

Bambo a ana anga anafika pa mota tsiku loika, mutu uli mbuu ndi imvi. Anakhala kwa amuna anzawo mpaka mwambo wometa utatha. Pofuna kunyamuka anandipeza kuseri ndikutsuka miphika yobwereka, naima chapatali monga mlendo. Ndinali nditakonza mawu onse oti ndiwauze. Tinafunsana za ana, za mvula, za dimba lija, kenako iwo anatsitsa mawu.

"Amayi, pali chimodzi chimene chimandikhazika mtima pansi," anatero. "Gogoyu atanena mawu ake, ine sindinabwererenso kukamuvutitsa. Ngakhale kamodzi."

Ananena monyadira, maso ali ndi misozi. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, manja anga ali ndi mwaye.

"Munachita ulemu," ndinatero, ndipo ndinakawatungira madzi akumwa, poti ku Nsadzo ndi kutali.