Chingwe cha Mayi Makatani

Mumsewu wathu aliyense amawatchula Mayi Makatani, ndipo ndikukayika ngati alipo amene amakumbukira dzina lawo lenileni. Anayamba ndi makina osokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, kusoka makatani ndi nsalu zokutira mipando. Amuna awo anali opaka penti, iwo n'kumawagwirira makwerero. Bambowo atamwalira, makwerero, mabulashi ndi makasitomala zonse zinatsalira mayiwa. Lero akagwira nyumba amachita zonse okha: kusoka, kupaka, kukhoma, ngakhale kukuuza mosapsatira mawu kuti kabati imene umainyadira ija ndi yonyansa.

Okongoletsa nyumba a m'maofesi aja amabwera ndi zithunzi zonyezimira, ukamva mtengo wake thukuta kamukamu. Mayi Makatani amabwera ndi tepi yoyezera m'khosi n'kufunsa kuti, "Thumba likuti bwanji?" Ukawauza zoona sakuseka. N'chifukwa chake akazi anga, atasunga tindalama tawo pang'onopang'ono, anaitana iwowo kuti adzakonze pabalaza pathu. Penti inali itasuluka, khoma lili ming'alu yokhayokha, makatani akuoneka ngati zokolopera.

Nkhawa yathu inali bambo anga, amene timakhala nawo. Anayendetsa basi moyo wawo wonse mpaka maso anachita mdima, ndipo tsopano amangosiyanitsa usana ndi usiku. Koma m'nyumba ankayenda okha. Ankatuluka kuchipinda, dzanja lamanzere lili pakhoma, kudutsa pabalaza mpaka kukakhala pakhonde. Ukafuna kuwagwira mkono ankakukankha.

"Ndanyamula anthu zaka zonsezi, lero ndinyamulidwe ine?" ankatero.

Atamva za okongoletsa nyumba anangoti, "Mukasuntha zinthu, mwandidula miyendo."

Tinawafotokozera Mayi Makatani zonsezi. Iwo ali ndi kachitidwe kawo: tsiku loyamba sagwira chilichonse. Amakhala pampando, kumwa tiyi, n'kumaona m'mene eninyumba amayendera. Ine zinandinyansa, sindibisa. Ndinanong'oneza akazi anga kukhitchini kuti talemba ganyu munthu wodzatithera shuga. Iwo anandiyang'ana cham'mbali n'kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo ake mayiwa anatenga choko n'kulemba pansi pamene panali mwendo uliwonse wa mpando, tebulo ndi kabati. Kenako anagwada pafupi ndi bambo.

"Bambo, chilichonse chibwerera pamalo pake. Ndikasuntha ngakhale kampando kamodzi, mudzandithamangitse ndi tsache."

"Tsachelo ndikalipeza," anayankha bambo, ndipo onse awiri anaseka.

Ntchito anaigwira ndi mtima wonse. Mipando yakale anaikuta ndi nsalu yatsopano m'malo motigulitsa ina. Makatani anasoka kuchokera ku nsalu yotsala pa ntchito ina. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali khoma. Ming'alu yonse anaimata, kupala, kumatanso, kupalanso, mpaka chala chinkangoterereka. Atapaka penti, akazi anga anavina pakati pa balaza. Mipando inabwerera m'zizindikiro zake za choko, uliwonse pamalo pake.

M'mawa mwake bambo anatuluka kuchipinda monga mwa masiku onse, dzanja pakhoma. Anayenda, anayenda, n'kupitirira pokhotera kukhonde. Tinangomva kuti gu! Chipumi chagunda ngodya ya kabati. Anaima nji, dzanja likufufuza pakhoma losalalalo. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Iwe, tandigwira dzanja."

Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akupempha zimenezo. Mtima unandiwawa kuposa m'mene chipumi chawocho chinkawawira. Kuchokera tsiku limenelo anasiya kutuluka. Chakudya ankadyera kuchipinda, wailesi ili pamiyendo. Pabalaza panali pokongola, koma palibe amene ankafuna kukhalapo.

Mayi Makatani atabwera kudzapachika katani yomaliza, anayang'ana mpando wopanda munthu pakhonde n'kufunsa kuti bambo ali kuti. Titawauza, anaika katani ija pansi n'kukagogoda kuchipinda.

"Bambo, ndalakwa pati? Mpando sindinasunthe ngakhale umodzi."

"Mipando ilibe mlandu, mayi. Mwandikonzera msewu mopitirira. Ine msewu uliwonse ndinkaudziwa ndi maenje ake. Pakhoma paja, mng'alu woyamba unkandiuza kuti ndafika pa tebulo. Wachiwiri, waukulu uja, ndiye panali pokhotera. Tsopano paliponse m'pamodzimodzi."

Mayiwa anapinda tepi yawo n'kuipindula.

"Ndinayang'ana mapazi anu tsiku lonse lija," anatero. "Dzanja sindinaliyang'ane. Wolakwa ndine."

Akazi anga anandikoka shati. "Kodi aswanso khomali?" anafunsa monong'ona. Ine ndinali wokonzeka kutenga hamala ndekha, ngakhale ndinkadziwa kuti ndalama yokonzeranso palibe.

Mayi Makatani sanaswe kanthu. Anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa chingwe chopota, chokhuthala ngati chala, cha mtundu umene amamangira makatani. Anafunsa bambo kuti dzanja amaliika pati, iwo n'kuloza m'chiuno. Mayiwa anakhoma chingwecho pakhoma lija ndi timisomali kuchokera pakhomo la chipinda mpaka pakhomo la khonde, chowongoka bwino. Malo amene anamata ankawakumbukira onse, pajatu anawapala okha. Pamene panali mng'alu waung'ono anamanga mfundo imodzi. Pamene panali waukulu uja anamanga ziwiri zogundizana. Akazi anga atayamba kukamba za malipiro, mayiwa anagwedeza hamala m'mwamba ngati akuingitsa ntchentche.

Kenako anaima pakhomo la chipinda. "Adalaivala, msewu watsegulidwa. Dzauyeseni."

Bambo anazengereza. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kugwira chingwe ndi zala ziwiri ngati akuopa kuti chiwaluma. Anasuntha phazi, kenako linzake. Atafika pa mfundo yoyamba anaima, n'kutambasula dzanja lamanja. Tebulo linali pomwepo. Anapitiriza, msana ukuwongoka pang'onopang'ono. Mayi Makatani ankayang'anitsitsa, misomali iwiri ili pakamwa.

Atayandikira ngodya ya kabati ija, ine mantha anandigwira. Ndinathamanga n'kuwagwira chigongono. Nthawi yomweyo zala zawo zinali zitafika pa mfundo ziwiri zija.

"Chotsa dzanja, iwe," anatero bambo. "Ukutchinga msewu."

Ndinalichotsa. Anakhota okha n'kutulukira pakhonde.