Madala Olira Ngati Ketulo

M'mawa uliwonse, madala ena ake a m'chipinda chapansi amaima pabwalo la mdadada wawo mumzinda wa Chengdu, n'kumatulutsa mawu ochiritsa a chipembedzo cha Chitao: "shuuu" wa chiwindi, "haaa" wa mtima. Ana amawatcha ketulo. Iwo amangoti, "Ketulo yosalira imaphulika."

Tsiku lina anapeza Dolkar, mayi wa ku Tibet yemwe mwamuna wake anagonekedwa m'chipatala, akulephera kupemphera chifukwa cholira. Anakhala pambali pake n'kuyamba kumutchulira pemphero la kwawo kwa mayiyo.

"Omu mani bami hongi!"

"Ayi agogo, mwalipha pempherolo!" anatero Dolkar, akuseka misozi ili chuchuchu. "Nenani kuti peme, osati bami."

Madalawo ankalidziwa bwino liwulo kuyambira kale. Komabe analakwitsanso dala, mpaka mayiyo analinena yekha pemphero lonse.