Ming'alu ya Pansi pa Oilo

Ndinatsimikiza zochoka ku Kabwe tsiku limene atate anandipatsa nsanza. Inali nsanza yakuda bii, yonona ndi oilo, koma anaipereka ndi manja awiri ngati mphatso ya paukwati. Tinali pabwalo la nyumba ya Bwana Tembo ku Highridge, kumene atate ankasamala maluwa ndi kutsuka galimoto chichokereni ku mgodi, chifuwa chitawavuta. Anati msana nawo wayamba, ndiye ndiphunzire ntchitoyo kuti bwana akadzafuna munthu wina asadzayang'ane kutali.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wa mtima wapachala. Nsanzayo ndinaiponya pansi.

"Ine sindingakalambe ndikupukuta matayala a munthu wina," ndinatero.

Atate sanakalipe. Anaitola, n'kuikung'untha, n'kugwadanso pa tayala lakutsogolo. Bola akanandiwomba mbama, bwenzi ndili ndi chifukwa chochokera.

Pa matayala atate ankadzitama nawo kwambiri. Ankapempha oilo wakale, wochotsedwa m'mainjini, kwa anzawo a ku Railways, n'kusakanizako palafini pang'ono m'chitini. Akapaka, tayala linkawala mpaka anthu odutsa pamsewu kucheuka. Ankati munthu umamudziwira ku nsapato, ndipo nsapato za galimoto ndi matayala. Bwana Tembo, amene anali wamkulu mu ofesi ina ya boma, ankaonetsa alendo ake matayalawo asanawaonetse nyumba.

Masiku amenewo malire a kummwera anali otseka, katundu yense ankadzera ku Dar es Salaam, ndipo malole ankadutsana pamsewu wa kumpoto osalekeza. Ku Kapiri, tauni ya pafupi ndi kwathu, ndinapeza dalaivala wofuna womuthandiza pa ulendo. Amayi anali atatisiya kale, kunyumba ku Kasanda kunatsala atate ndi mlongo wanga Agnesi. Agnesi anandisokera chitupa ndi khadi la chipani m'thumba la m'kati mwa jekete, akulira ndi kunditukwana nthawi imodzi. Atate anangoti, "Ukafika ulembe kalata."

Mulungu amadziwa kuseka. Titafika ku Dar, dalaivala uja anatenga m'bale wake, ine n'kundisiya padoko. Nditagona ndi njala masiku angapo, ntchito imene ndinaipeza inali pabwalo lina la malole, yotsuka ndi kumata matayala. Ndinathawa matayala anayi kwathu, n'kukapeza mazana.

Mmisiri wamkulu pamenepo anali Mzee Hamisi, nkhalamba yochepa thupi koma ya mawu ngati lipenga. Tsiku loyamba ndinafuna kuonetsa kuti si ine mlendo pa ntchitoyi, ndiye ndinatunga dizilo m'chitini n'kuyamba kupaka tayala. Chitinicho chinauluka m'manja mwanga ndisanadziwe chimene chachitika. Nkhalamba inandikokera kuseri, kumene kunali mulu wa matayala ophulika, n'kundiuza kuti ndilowetse chala m'mng'alu wa limodzi.

"Labala ali ndi mafuta akeake m'kati," anatero, ndipo wina anandimasulira chifukwa Chiswahili ndinali ndisanachigwire. "Oilo, dizilo, palafini, mafuta a mabuleki, zonsezo zimayamwa mafuta amenewo. Lero liwala, mawa liuma, mkuja lipha munthu."

Anandiphunzitsa njira yake, ndipo ndi imene ndimatsata mpaka lero pamene ndili ndi imvi. Tayala lotentha sulitsuka, umadikira lizizire pamthunzi. Umayamba ndi madzi okhaokha kuchotsa mchenga, kenako sopo wamba ndi burashi ya ulusi wolimba, osati ya waya. Umatsukuluza mpaka thovu lileke kutuluka lofiirira, n'kulisiya liume. Ngati mwini wake akufuna kuti lide, umasungunula gilisalini pang'ono m'madzi, yemweyu amene amayi amadzola, n'kupaka m'mbali mokha. Pamene tayala limaponda pansi supakapo kanthu, chifukwa lingaterereke. Mzee ankati kutsuka si kukongoletsa, ndi kuyang'ana. Dothi likachoka, tayala limakuuza lokha ngati lili ndi matenda.

Ndinakhala kumeneko zaka zinayi, m'kachipinda ka malata kotentha ngati uvuni. Kusungulumwa ndinakudziwira komweko. Lamlungu ndikachoka ku Misa ndinkapita kukaima pamene madalaivala a ku Zambia ankadyera, kuti ndingomva munthu akutukwana m'chinenero chimene ndimachidziwa. Ndalama ndinkatumiza pa madalaivala omwewo, nthawi zina zinkafika, nthawi zina zinkathera m'njira. Koma chimene chinkandidya kwambiri chinali chitini cha atate. Ndikagwira tayala lophulika ndinkaona manja awo.

Ndinalemba makalata atatu ofotokoza za oilo, mwaulemu ndithu, mawu aliwonse ndikuwayeza. Atate sankadziwa kuwerenga, ankawawerengera ndi Agnesi. Mayankho ankabwera onunkha dizilo, onena za mvula, za mizere ya anthu odikira sopo ndi mafuta ophikira, za amene wamwalira ku Kasanda. Za matayala, ngakhale liwu limodzi. Ndinkapsa mtima ndekha, n'kumati nkhalamba imeneyi ndi yamakani.

Chimene chinandibweza ndi kalata ya Agnesi yoti akukwatiwa. Mwamunayo anali Petulo wa ku Railways, mwana wa mlongo wake wa Bwana Tembo. Kumapeto analemba mokondwa kuti ukwati ukatha, bwana awatenga pa galimoto yawo mpaka ku Katete kuti agogo ake a Petulo akaone mpongozi wawo watsopano. Unali mwezi wa Okutobala, phula likutentha ngati chiwaya, ndipo msewu umenewo umatsika mapiri a ku Luangwa mokhotakhota. Ndinagula mitanda ya sopo, burashi ndi botolo la gilisalini, n'kukwera sitima yatsopano ya ku Kapiri.

Kasanda ndinampeza momwe ndinamusiyira, fumbi lotuwa la ku mgodi lili pa chilichonse. Atate anali ataonda. Tinapatsana moni ngati anthu amene sanayambanepo. Nditapeza mpata ndinamukokera Agnesi kuseri kwa nyumba.

"Makalata anga unkawawerengera onse?"

"Nenze kuwelenga, achimwene," anatero akuyang'ana pansi. "Koma vija va matayala nenze kujumpha. Manje imwe, munafuna ine nikhale pamenso pa atate, niwauze ati nchito yanu ni yoononga? Awe, ine sininakwanise."

Lachisanu m'mawa ndinawaperekeza atate ku Highridge. Galimoto inali yomwe ija, ndipo matayala ake ankawala kuposa kale. Atate atapita kukatunga madzi ndinanyonyomala pa tayala lakutsogolo kumanzere, n'kupukuta ndi mpango wanga pafupi ndi chitsulo. Pansi pa oilo panali ming'alu yokhayokha, ngati zikang'a za kumapazi. Ndinalowetsa kamtengo ka machesi, kanalowa. Nditayendetsa dzanja cham'kati ndinapeza chotupa ngati dzira la nkhuku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinaona zonse nthawi imodzi. Matayala atsopano m'masitolo munalibe, anthu ankadikira miyezi. Ndikanena, bwana afunsa amene wawononga, ndipo atate achotsedwa ntchito pa ukalamba wawo, pamaso pa munthu amene tsopano anali nkhoswe ya mkamwini wawo. Ndikakhala chete, Lolemba Agnesi atsika mapiri a ku Luangwa pa tayala limenelo. Atate anabwera ndi ndowa. Ine amene ndinaponya nsanza pamaso pawo mosaopa, tsiku limenelo ndinangowalandira ndowayo.

Loweruka ukwati unachitika. Galimoto anaikongoletsa ndi maluwa a atate, amayi a ku Kasanda akuimba nthungululu, ana akuithamangira. Inayenda pang'onopang'ono kuchokera kutchalitchi, komabe pa bampu aliyense maso anga ankathamangira pa tayala lija. Chakudya sindinachikhudze. Anthu ankati wa ku Dar wayamba matama, sadyanso za kwathu.

Lamlungu masana atate ananyamuka kukakonza galimoto ya ulendo. Ndinawatsatira ndi kathumba kanga ka sopo. Atafika anatulutsa chitini chawo pansi pa mtengo wa mango.

"Atate, lero ndiloleni nditsuke ndine."

"Iwe? Suja unati sungakalambe ukupukuta matayala a munthu wina?"

"Ndakalamba nawo kale. Atate, oilo ameneyu..."

Anakweza dzanja. Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa mapepala opindapinda, ofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anali makalata anga atatu aja.

"Agnesi ankamaliza msanga," anatero. "Pepala lodzaza mbali zonse, iye mawu atha. Kuwerenga sindidziwa, koma maso ndili nawo. Ndinapita nawo kwa akatekisiti."

"Ndiye mwakhala mukudziwa?"

"Zaka zitatu. Ndinayesa kuleka. Ndinatsuka ndi madzi okha sabata imodzi, matayala anafiirira, timing'alu n'kuyamba kuoneka. Bwana anati, madala, mwayamba ulesi? Ndikanayankha chiyani, mwana wanga? Kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudya matayala ake? Ndinapakanso. Oilo amabisa."

Mkwiyo unandikwera mpaka kumutu, ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

"Ndiye Agnesi akafere ku Luangwa chifukwa cha manyazi anu?"

Ndinkamva wailesi ikulira m'nyumba ya bwana. Ndinaganiza kuti atate andithamangitsa. M'malo mwake anatambasula dzanja.

"Bwera nayo burashiyo. Undiuze poyambira."

Anagwada, ine n'kuima pambali ndikuwauza. Madzi kaye. Sopo. Tsukaninso, thovu likadali lakuda. Anatsuka kanayi oilo wa zaka zonsezo asanagonje, akupuma movutikira, koma anakana kuti ndiwalandire. Tayala litauma, ming'alu inaonekera poyera, kuzungulira mbali yonse. Ndinatulutsa gilisalini mwachizolowezi.

"Usapake," anatero. "Aone momwe lilili."

Anaimirira pogwira galimoto, n'kuvula chipewa. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito pamenepo ankalowera kukhitchini, koma tsiku limenelo anapita kukhomo lakutsogolo n'kugogoda. Panali mapazi khumi okha. Ine ndinayenda mpaka kunyanja ya mchere, koma ulendo wotalika chotero sindinauyendepo.

Bwana Tembo anatuluka atavala vesiti, nyuzipepala ili m'manja. Ananyonyomala. Ndinawapatsa kamtengo ka machesi, analowetsa okha, kenako ndinawaonetsa chotupa chija.

"Madala, ivi vinayamba liti?"

"Kale, bwana. Ndi oilo wanga. Mwanayu anandiuza m'kalata, ine ndinabisa."

"Munabisa." Anabwereza pang'onopang'ono. "Mailo, Lolemba, nenze kufuna kunyamula mwana wanu, na mwana wa mlongosi wanga, na mkazi wanga. Imwe munabisa."

Atate anangoima chipewa chili pachifuwa. Bwana analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka mawindo analira. Tinabwerera ku Kasanda wapansi, ine ndikuganiza kuti ndawachotsetsa ntchito atate anga.

Agnesi ndi Petulo anapita pa basi, Agnesi atandikwiyira chifukwa anali atauza kale anzake onse za galimoto. Galimotoyo inakhala pa njerwa miyezi iwiri matayala asanapezeke. Pakutha kwa mwezi bwana anaitana atate. Sanawachotse, mwina chifukwa cha chibale chatsopanocho, koma anawadula malipiro n'kuwauza kuti asadzaigwirenso galimoto, akhale ku maluwa basi. "Uja mwana wanu wa ku Dar azibwela kuwasha," anatero. Kwa atate chimenecho chinali chowawa kuposa kuchotsedwa, ndinawaona m'maso.

Ndinabwera ku Kabwe ndikudziona ngati mlendo wodza ndi kalumo kakuthwa, wobweretsa nzeru kwa anthu osadziwa. Ndinapeza kuti nzeruyo inafika kale, inali m'thumba la malaya zaka zitatu. Aliyense kwathu ankadziwa, Agnesi, akatekisiti, atate eni ake, koma aliyense ankaopa wina womuposa, ndipo ine nditanyonyomala pa tayala lija Lachisanu ndinaopanso chimodzimodzi. Amene anatha mantha ndi uja ndinkamutcha wamakani.

Ku Dar sindinabwererenso. Lero ndili ndi kamsasa kanga komatira matayala m'mbali mwa msewu, ndipo munthu akabwera ndi tayala lonyezimira kwambiri ndimayamba ndalitsuka ndisanamupatse moni wachiwiri.

M'mawa woyamba umene ndinapita kukayamba ntchito ku Highridge, atate anandiimitsa pakhomo. Chitini chija anali atachitaya. Anali atang'amba malaya awo akale a ku mgodi, n'kuchapa chidutswa chimodzi ndi sopo wanga mpaka kuyera. Anandipatsa ndi manja awiri. Ndinagwada pafumbi la Kasanda, n'kulandira ndi manja awiri.