Thanki ya Branko Vidak

Ku Port Lincoln aliyense amamudziwa Branko Vidak. Ndi mdala uja amakhala pa njinga ya olumala kumapeto kwa doko, bulangete pa mawondo, maso ali m'madzi. Asodzi akamamupatsa moni amangogwedeza mutu.

Moyo wake wonse Branko ankawotcherera zitsulo pansi pa madzi, kukonza makola oweteramo nsomba. Atapuma pa ntchito anagula thanki yakale ya mafuta, naiika mawindo awiri, bedi ndi chitseko cha pansi, n'kuimiza m'nyanja kuseri kwa chilumba kuti azigonamo. Mpweya unkachokera ku makina a m'boti loima pamwamba pake, ndipo amene ankawayang'anira anali mnzake wakalekale, Des Hurrell.

Mabwana a m'maofesi, amene madzi amawadziwira m'bafa, anamuzunguza mpaka kutopa. A khonsolo ankati chinthucho si nyumba poti chilibe malo pamtunda. A zamadoko ankati si boti poti sichiyenda. A inshuwalansi okha ndiwo anamulandira akumwetulira, monga amachitira nthawi zonse zinthu zisanavute.

Mkazi wake, Noreen, ankaitcha thankiyo bokosi la maliro la mawindo. Komabe ankamuphikira nyama yankhosa, n'kuitsekera m'poto wosalowa madzi kuti Des atsitse ndi chingwe. Ankatuma Des kuti akamuuze Branko, nkhanu yakeyo, kuti udzu wakula pakhomo, ndipo ngati nsomba zikumusangalatsa akwatire imodzi.

Ntchito ya pansi pa madzi ili ndi lamulo limodzi losapindika. Munthu akakhala pansipo masiku angapo, mpweya umalowerera m'magazi ndi m'mafupa. Satuluka mothamanga. Amatseka chitseko n'kumachepetsa mphamvu ya mpweya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo akatuluka sakwera ndege msanga. Akaphwanya lamuloli, magazi amachita thovu ngati mowa wa m'botolo lokhutchumulidwa. Branko ankadziwa zonsezi. Ena anawaphunzitsa ndi iye yemwe.

M'mawa wina, atakhala m'thankimo kwa masiku, Des anamuitana pa wailesi osayamba ndi chipongwe chake cha masiku onse. Anati Noreen wagwa m'khitchini ndi sitiroko, ndege ya odwala yamutengera ku chipatala cha mumzinda wa Adelaide, ndipo madokotala akuti achibale afulumire.

"Ndikutuluka," anatero Branko.

"Usapenge iwe. Tseka chitsekocho uyambe kutsitsa mpweya. Mawa ndikuperekeza pa galimoto."

"Mawa ndikapeza ndani?"

"Nanga ukafike uli mtembo? Noreen akakupha kachiwiri, mdala wopusa iwe."

Branko anatseka chitseko, natsitsa mpweya mpaka masana. Kupirira kunamuthera pomwepo. Anatuluka ntchitoyo ili pakati, nakwera m'boti ali bwinobwino, phewa lokha likuyabwa. Anati ulendo wa galimoto wozungulira nyanja udya tsiku, pamene ndege siitha ola. Des anakana kumuperekeza ku bwalo la ndege, anaponya makiyi m'thumba n'kukhala pansi pa doko. Branko anaitana takisi. Alipo mpaka lero amene amanena m'mabala kuti Des akanamumanga ndi chingwe. Onena zimenezi ndi anthu amene sanagwirepo mnzawo mkazi wake akufa.

Ndege itakwera m'mwamba, mawondo anayamba kubaya ngati misomali. Kenako ululu unatha, ndipo Branko anaganiza kuti wapulumuka. Itatera, anthu onse anaimirira. Iye anaiuza miyendo kuti iime, koma inali ngati ya munthu wina.

Anamutengera ku chipatala chomwecho kumene kunali Noreen. Sanamukweze kupita ku wodi. Anamutsitsira ku chipinda cha pansi, kumene kuli thanki yachitsulo yochiritsira osambira pansi pa madzi, namutsekeramo kuti mpweya uphwanye thovu lija. Inali ndi bedi ndi kawindo, ngati yake. Noreen anali pamwamba m'nyumba yomweyo. Anatsirizika madzulo a tsiku lomwelo, chitseko cha thankiyo chisanaloledwe kutseguka. Namwino anamuuza kudzera pa kachipangizo kolankhulira. Branko anati wamva, napempha madzi akumwa.

A inshuwalansi anakana zonse, amvekere munthuyo anaphwanya yekha malamulo a chitetezo. Pamenepo sananame, ngakhale kuti anawerenga malamulowo tsiku limeneli kwa nthawi yoyamba. Loya wa Branko anapita nawo ku khoti, kumene anthu ophunzira anatha miyezi akukangana ngati thanki yake ya m'nyanja ija ili nyumba kapena boti. Za Noreen palibe anafunsa. Khoti linalamula kuti thankiyo ivuulidwe, koma maofesi aja akukankhirana kuti woivuula ndani, ndiye ikadali pansipo, nkhono zitaimata mawindo.

Des ndiye amamukankha pa njinga m'mawa uliwonse, n'kumugulira chitumbuwa cha nyama ku sitolo. Branko amadya theka, theka lina amaponyera mbalame. Tsiku lina Des anamufunsa ngati amadandaula kuti sanadikire.

"Ndikanadikira, ndikanafika pa maliro ndi miyendo yanga," anatero Branko. "Sindinadikire, ndinafika pa njinga. Maliro ake omwewo."

Des anamukonzera bulangete lomwe linali litagwa kuchoka pa mawondo. Branko sanamve kuti linagwa.